Khungu, kwathu ndi chikondi m'nkhani za Aafirika okhala kunja: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Mangochi n'kovuta kupeza banja lopanda m'bale ku Joni. Komabe mabuku a nthano zazitali onena za Aafirika okhala kunja akafika m'manja mwathu, ambiri timawawerenga ngati nkhani za eni. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera ndikamacheza za mabukuwa ndi aphunzitsi, ophunzira a kusekondale, komanso achimwene ndi achemwali amene adakhalako kunja. Mayankhowo ndi anga, ndipo pena ndatsutsana ndi olemba mabukuwo.

Kodi nkhani zimenezi zimakamba chiyani kwenikweni?

Mukaziyang'ana pamwamba zimafanana. Mnyamata kapena mtsikana wachoka ku Lagos, ku Harare kapena ku Khartoum, watsika ndege ku London kapena ku New York, ndipo zimene ankamva ali kwawo sakuziona. Digiri ali nayo koma akutsuka mbale m'lesitilanti, kapena akusambitsa nkhalamba kunyumba zosungirako okalamba. Kumudzi akudikira ndalama. Mkati mwa zonsezi mumayenda mafunso atatu: eni dziko akundiyesa ndani, ineyo ndikudziyesa ndani, nanga amene akuti amandikondayu akukonda uti mwa awiriwa?

Kalembedwe aka sikadayambe dzulo. Tayeb Salih wa ku Sudan adatulutsa mu 1966 buku la m'Chiarabu lonena za munthu wobwerera kwawo kuchokera ku England. Buchi Emecheta wa ku Nigeria adalemba mu 1974 za mayi wovutika ndi ana komanso mwamuna wankhanza mumzinda wa London. Limene achinyamata ambiri amalidziwa lero ndi Americanah la Chimamanda Ngozi Adichie, la mu 2013.

N'chifukwa chiyani ampangankhani amati adazindikira kuti ndi akuda atafika kunja? Khungu lawo sankaliona ali kwawo?

Ankaliona, koma linalibe ntchito. Taganizani mmene timadziwirana pamsika wa paboma pano. Kwanu n'kuti, kwa Jalasi kapena kwa Makanjira? Ndinu Myao, Mnyanja kapena Mlomwe? Mumapemphera Lachisanu kapena Lamulungu? Ndinu mwana wa yani? Palibe amene amaloza munthu kuti "wakuda uja", poti tonse ndife otero. Ukatsika ndege ku America mafunso onsewa amafufutika. Pafomu ya ntchito, ya kuchipatala ndi ya kalembera pali kabokosi kamodzi kokuyenera, ndipo m'kabokosimo muli Mmalawi, Msomali, munthu wa ku Jamaica ndi mdzukulu wa akapolo wa ku Alabama. Wapolisi akakuimitsa usiku safunsa kuti mwinimbumba wako ndani.

Kabokosiko kali ndi mbiri yake. Lamulo la ku Virginia la mu 1924 linkati munthu amene ali ndi kholo lakuda ngakhale limodzi, kaya la kale chotani, si mzungu. Ku South Africa lamulo la mu 1950 lidagawa anthu onse m'magulu potengera khungu, ndipo gulu lako ndilo linkanena kumene ugone, sukulu imene uphunzire ndi ntchito imene ugwire. Ku Britain mpaka 1968 mwininyumba ankatha kukana munthu lendi chifukwa cha khungu popanda kuphwanya lamulo. Malamulowa adachotsedwa, koma anthu amene adakulira m'menemo adakalipo, ndi ana awo omwe. Wobwera amangofikira pamlandu umene adaupeza uli mkati, mboni zake sakuzidziwa.

Olemba abwino sabisa mbali ina yochititsa manyazi. Mwafirika wobwera nthawi zina amanyoza akuda a ku America, n'kumati ndi aulesi, pofuna kuti azungu amuone ngati wosiyana nawo. Akudawo nawonso amamuona ngati wodzakolola pamene sadalime, chifukwa ufulu umene iye akudyerera adaufera ndi makolo awo. Kwa ife a kuno nkhaniyi ndi yolemera. Tauni yathuyi idayamba mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston, cholinga chake chili kutseka njira ya akapolo yodutsa kwa Mponda. Ogwidwa kuno ambiri ankapita kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, komabe sitingawerenge za zidzukulu za anthu ogulitsidwa ngati kuti ukapolo tidangoumva pawailesi.

Abale athu amapita ku Joni pabasi, osati ku London pandege. Mabukuwa akutikhudza pati?

Amatikhudza, koma theka lokha. Mantha a munthu amene masiku ake atha ndi amodzi, kaya ali ku London kaya ali ku Durban. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa kwa masiku 30 popanda viza. Akadutsitsa, moyo wake umakhala wozemba galimoto ya apolisi, wogwira ntchito m'shopu kapena pakhomo pa bwana wolipira mmene wafunira, ndi woopa kukatsekeredwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungirako odikira kubwezedwa kwawo. Zogwira ntchito ndi mapepala a munthu wina n'kumamugawirako malipiro, zimene owerenga ena amadabwa nazo m'mabukuwa, achimwene athu amazidziwa bwino.

Theka linalo mulibe. Ku Joni wokuthamangitsa ndi wakuda mnzako. Mu Meyi 2008 chipwirikiti chidayambira ku Alexandra ndipo anthu oposa 60 adaphedwa. Magulu ena ankaimitsa munthu panjira n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu, akalephera ndiye kuti ndi mkwerekwere, dzina lonyozera obwera. Mu Epulo 2015 zidabukanso ku Durban, boma lathu lidachita kutumiza mabasi, ndipo ena mwa otsika mabasiwo anali ana a m'midzi yathu yomwe ino. Kumeneko chokuulula ndi lilime lako, mavalidwe ako, mwinanso kuti khungu lako ladererapo kuposa la eni dziko. Buku limene limaona tsankho ngati nkhani ya mzungu ndi wakuda basi silingamufotokoze mnyamata wa ku Namwera amene adathawa usiku nsapato zili m'manja.

Ulendo wa kum'mwerawu ndi wakale. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Agogo athu adapita kumigodi kudzera ku Wenela, mpaka ndege idagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa kaye ulendowo. Ena adabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena adatchona mpaka kufera komweko. Zaka zoposa 100 za maulendo otere, koma nthano zazitali zake n'zowerengeka poyerekeza ndi za ophunzira opita ku America. Chifukwa chake si chobisika. Wopita kuyunivesite amakhala ndi Chingerezi, laibulale ndi osindikiza mabuku pafupi. Wogona m'kachipinda kodzaza anthu amafika usiku thupi litatheratu, ndipo kandalama kakapezeka kamapita kumalata.

Bwanji chikondi cha wakuda ndi mzungu chimapezeka pafupifupi m'buku lililonse?

Chifukwa m'nyumba ndi mmene tsankho limasowa pobisala. Kuntchito anthu amatha kumwetulirana mwaulemu zaka zambiri osadziwana mtima. Koma tsiku lokaonekera kwa makolo a wokondedwa wako zonse zimatuluka. Apongozi akukuyamikira kuti Chingerezi umachilankhula bwino, ngati kuti aona chozizwitsa. Azakhali akufuna akugwire tsitsi. Pobwerera kunyumba ukumuuza wokondedwayo kuti mlonda wa m'sitolo ankanditsatira ngati mbala, iye n'kuyankha kuti mwina wangoganiza. Chopweteka kwambiri m'nkhanizi si mdani wotukwana pamsewu ayi, koma munthu wokukondadi amene sakhulupirira zimene maso ako aona.

Chikondi chotere chidakhalapo mlandu wa boma, ndipo si kale kwambiri. Seretse Khama, mwana wa mfumu wa dziko limene lero ndi Botswana, atakwatira mzungu Ruth Williams ku London mu 1948, boma la Britain, poopa kukwiyitsa South Africa, lidamuchotsa kwawo ndipo adaloledwa kubwerera mu 1956 atakana ufumu. Patatha zaka khumi adakhala mtsogoleri woyamba wa Botswana. South Africa idaletsa maukwati a azungu ndi anthu a mitundu ina mu 1949, ndipo lamulolo lidachoka mu 1985. Ku America khoti lalikulu lidathetsa malamulo otere mu 1967, pamlandu wa banja la a Loving, nthawi imene zigawo 16 zinali zikuwatsatabe. Choncho awiri akagwirana manja m'buku, wolemba amadziwa kuti agogo a mmodzi wa iwo akadatha kuitana apolisi.

Wolemba wofooka amapanga mzunguyo kukhala satana kapena mpulumutsi. Wabwino amatembenukiranso Mwafirikayo n'kumufunsa: iwe ukukonda munthuyu, kapena zitseko zimene khungu lake likukutsegulira? Kapena ukubwezera pa iye zimene atsamunda adachita kwanu? Funso ili si lachilendo kwa aliyense amene adakhalako ku Chembe. Mnyamata wa kunyanja akapalana ubwenzi ndi mlendo wodzaona malo, anthu amathamangira kunena kuti watola chikwama. Ena n'zoona amafuna tikiti. Ena amakondanadi mpaka kukalambitsana. Ambiri zonse ziwiri zimakhalamo, moti eni akewo sangathe kuzilekanitsa, ndipo nthano imaposa miseche pamenepa chifukwa imalolera kukhala nthawi yaitali mumtima wa munthu isanamuweruze.

Kodi ukwati wofuna mapepala si chinyengo basi?

Ulipo wachinyengo chenicheni, wolipira munthu kuti asaine, ndipo ndi mlandu. Koma umene olemba amautsata kwambiri ndi wovuta kuposa pamenepo: awiri okondanadi, mmodzi ndi nzika, winayo ufulu wake wokhala m'dzikomo uli m'manja mwa mnzakeyo. Ku America wokwatirana ndi nzika, ngati ukwatiwo sunakwanitse zaka ziwiri, amayamba walandira chiphaso cha zaka ziwiri zokha. Oona za olowa ndi otuluka amatha kuwafunsa aliyense payekha tizinthu ta m'nyumba, monga mbali ya bedi imene mnzake amagona, pofuna kuona ngati akukhaliradi limodzi. Nthawi yonseyo wobwerayo amameza mawu. Akanyozedwa sangalongedze. Ndipo mnzakeyo naye sagona tulo, amadzifunsa ngati adzatsale naye chiphaso chikadzatuluka.

Ife a chikamwini tiyenera kuimva msanga nkhaniyi. Mkamwini amamanga pamalo a eni, amalima munda wa eni, ndipo amadziwa kuti tsiku lina akhoza kuuzidwa kuti atenge bulangeti lake azipita. Kusiyana kwake n'kwakuti mkamwini ali ndi ankhoswe, ndipo kwawo akhoza kukafika pakabaza tsiku lomwelo. Wa mapepala alibe nkhoswe, ndipo kwawo kuli anthu amene adagulitsa munda kuti iye akwere ndege.

Nanga mkazi wotsala kumudzi, mabukuwa amamukumbukira?

Kawirikawiri amangomveka pafoni akupempha ndalama, kenako mutu watha. Apa ndi pamene ine ndimadandaula nawo mabukuwa, chifukwa mbali imeneyi ndi imene timakhala nayo kuno tsiku ndi tsiku. Tonse tamuonapo mayi amene madzulo amapita pansi pa mtengo wa mango pamene netiweki imagwira, foni ataimanga kunsonga ya chitenje, n'kutsegula uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Bambo akuti ndalama ya malata atumiza mwezi ukatha, apereke moni kwa anganga. Mayiyo akuubwereza uthengawo, foni ataikanikiza kukhutu. Za malata wamva kale. Chimene akumvetsera ndi cha kumbuyo kwa mawuwo, kumene kwamveka khanda likulira ndi mawu achizimayi akulitonthoza m'chilankhulo chachilendo. Mwezi ukatha adzaima pamzere wa Mukuru ngati palibe chachitika, ndipo apongozi akafunsa adzayankha kuti ali bwino, apereka moni.

Mayi ameneyu ndi mwininkhani wathunthu. Ali pabanja koma amagona yekha zaka ndi zaka. Akaseka ndi mwamuna pamsika, mawu amafika ku Joni iye asanafike pakhomo. Nyumba ikatha anthu amatama bambo, chonsecho wokangana ndi amisiri ndi kuwerenga matumba a simenti anali iye. Mwamunayonso sindifulumira kumuponya miyala. Munthu wokhala mozemba, akapeza mkazi wakomweko amene amam'bisa apolisi akamazungulira, kumuphunzitsa chilankhulo ndi kum'tengera kuchipatala akadwala, mkaziyo amasanduka m'bale. Nthano yabwino ingatimvetse chisoni ndi akazi onse awiri, popanda kusandutsa wina mfiti.

Tsitsi, dzina ndi kalankhulidwe, bwanji amatayirapo masamba ambiri?

Chifukwa ndi zimene munthu angathe kusintha khungu likakanika. Mtsikana amawongola tsitsi ndi mankhwala owotcha pamutu kuti akaoneke woyenera ntchito. Mnyamata amapinda lilime pafoni, kapena amadula dzina lake kuti bwana asavutike kulitchula. Msilamu ali ndi katundu wachiwiri, chifukwa chichitikireni zauchifwamba za pa 11 Sepitembala 2001 dzina lokhalo limatha kumuchedwetsa pabwalo la ndege. Tisanaloze chala, tikumbuke kuti mafuta oyeretsa khungu ali mbwee m'misika yathu, ndipo ogula ambiri sadakwerepo ndege.

Alipo Amalawi amene adalemba za moyo wa kunja?

Alipo, ngakhale ambiri adalemba mbiri ya moyo wawo ndi ndakatulo kuposa nthano zazitali. Legson Kayira adanyamuka wapansi mu 1958, adafika ku Khartoum, kenako adakaphunzira ku America, ndipo ulendowo adaulemba m'buku la mu 1965. Adamwalirira ku London mu 2012. Jack Mapanje, mwana wa kwathu kuno wobadwira ku Kadango mu 1944, adatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 osazengedwa mlandu, ndipo atatuluka mu 1991 adasamukira ku Britain ndi banja lake. Iye sadapite kukasaka ndalama, adachita kukankhidwa, ndipo kunja kwa munthu wothawa n'kosiyana ndi kwa munthu wosankha yekha.

Wina amene ndimauza anthu a kuno kuti amuyese ndi Abdulrazak Gurnah wa ku Zanzibar, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2021. Adapita ku England ali wachinyamata, pambuyo pa zipolowe za kwawo za mu 1964. Anthu a m'nkhani zake ambiri ndi Asilamu a kugombe la nyanja ya mchere kumene amalonda a Chiyao ankapita ndi minyanga, kotero mayina, mapemphero ndi manyazi a m'banja a m'mabuku akewo sizimveka zachilendo kwa ife.

Ena amati mabukuwa amalembera azungu. N'zoona?

Pali choonadi chake. Ambiri amayamba kusindikizidwa ku London kapena ku New York, m'Chingerezi, ndipo akafika kuno mtengo wake mu kwacha umathawitsa. Chizindikiro cha buku lolembera alendo n'chosavuta kuchiona: limataya ndime yonse kufotokoza chakudya chimene mwana aliyense wa kwawoko amachidziwa, ndipo umphawi limauyanika pabwalo kuti owerenga apukuse mitu. Koma si onse. Ine ndimayesa buku poona ngati lili ndi zinthu zimene mlendo angazidutse osaziona koma ife zikutibaya, monga m'bale wotumiza chithunzi atatsamira galimoto ya bwana wake, kapena mayi wonamizira kudwala kuti mwana atumize msanga. Buku loulula zoterezi likulankhula ndi ife, kaya lidasindikizidwa kuti.

Bwanji ampangankhani akabwerera kwawo sasangalala? Paja amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Mwambiwo ndi woona, koma sudanene kuti kwanuko kudzakudikira. Wobwerera amapeza anzake adakwatira, mitengo ya zinthu sakuidziwa, ndipo akadandaula za fumbi kapena za magetsi anthu amati wayamba matama. Kunja ankamuti wa ku Africa, kwawo akumuti wa kunja. Wobwera ndi galimoto amasanduka nkhokwe ya mudzi wonse. Wobwezedwa chimanjamanja amasankha kufika usiku. Mabuku ambiri amatsata woyambayo, koma m'midzi yathu wachiwiriyo ndi amene achuluka, ndipo manyazi ake sanalembedwe mokwanira.

Palinso ana. Mwana wobadwira kunja akafika kwa agogo ake Chiyao sachimva, nsima amadya ndi supuni, ndipo anzake ku jando kapena ku nsondo adapita kale. Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo mu 2018 kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo zimenezi zidathandiza pa nkhani ya pasipoti. Koma funso la kumene munthu adzaikidwe lidakalipo. Aliyense amene adasonkhako ndalama pagulu la WhatsApp kuti mtembo uchoke ku Cape Town kudzafika kwa Katuli akudziwa kuti abale athu, ngakhale atakhala kunja zaka 20, ambiri amafunabe kudzagona pafupi ndi amayi awo.

Kodi n'koyenera kuti ana a sukulu aziwerenga mabukuwa?

Ena ali ndi za kuchipinda zolembedwa mosabisa, choncho kholo kapena mphunzitsi ayambe wawerenga yekha. Koma a Fomu 3 ndi 4 ndingakonde atawerenga, makamaka kuno kumene anyamata ena amasiya sukulu poona mnzawo wabwera ndi foni yapamwamba. Wobwera kutchuthi amaonetsa zovala, za usiku umene adagona pansi pa mlatho sanena. Buku limanena.

Ndikufuna kulemba nkhani ya m'bale wanga wa ku Joni. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kumvetsera. Khalani ndi agogo amene adapita pa Wenela kapena pa TEBA, ndi achimwene amene adadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndiponso ndi alamu anu amene adatsala. Musawafunse kuti moyo unali bwanji, adzangoti unali wovuta. Afunseni kuti tsiku loyamba adadya chiyani, ndani adawabwereka jekete, malipiro oyamba adagula chiyani, ndi bodza liti limene adanena pafoni kuti amayi asade nkhawa. Alamuwo afunseni tsiku limene adasiya kudikira foni.

Lembani m'chilankhulo chimene anthuwo amalankhula. Ngati m'chipindamo ankasakaniza Chiyao, Chichewa ndi Chizulu, zisiyeni zimveke choncho, ndipo musaime kufotokoza kuti usipa n'chiyani. Yambani ndi nthano yaifupi. Manyuzipepala a kumapeto kwa sabata amasindikiza nthano zotere, ndipo bungwe la Malawi Writers Union lilipo kwa ofuna kukumana ndi olemba anzawo. Mayina a anthu ndi a midzi musinthe, ndipo wokufotokozeraniyo muyambe mwamupempha musanasindikize, chifukwa ambiri adakali ndi m'bale kumeneko amene mapepala ake sali bwino.